Nyundo za ku Ndirande ndi magalimoto amene anapita pa sikelo

Mu Blantyre, chipangizo cha galimoto chikasowa m'masitolo, oyendetsa amauzana kuti kafunseni ku Ndirande. Malangizowo akadali oona ngati galimotoyo ndi Toyota Sienta, Nissan Note kapena Mazda Bongo. Nyali, magalasi, mabampala ndi zitseko zake zili mbwee m'mabenchi, ndipo mnyamata amene alibe chimene mukufuna amathamangira kwa mnzake n'kubwera nacho musanamalize n'komwe kunenerera mtengo. Koma munthu akafika ndi funso la madigadi a Morris Minor, boneti ya Peugeot 404 kapena chitseko cha Land Rover ya Series II, anyamatawo amangoyang'anizana. Ena amafunsa kuti galimoto imeneyo imaoneka bwanji.

Ofunsa otere alipo, ngakhale si ambiri. Wina bambo ake anamusiyira pikapu imene yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka makumi awiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Wina wagula chiphakasa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo kapena ku mishoni, ndipo akufuna kuchidzutsa kuti chioneke monga chinkaonekera chili chatsopano. Injini kawirikawiri siiwavuta kwambiri, chifukwa injini za nthawi imeneyo n'zosavuta kumasula ndipo amakaniko ozidziwa akadalipo. Chimene chimawagwetsa ulesi ndi bodi: pansi pobooka, m'munsi mwa zitseko mmene dzimbiri ladya mpaka chala kulowa, madigadi ong'ambika. Kale Ndirande inali ndi mayankho awiri pa vuto limeneli. Loyamba linali ziphakasa zimene zinkagona m'mabwalo a magalaja, zoti munthu n'kudulapo chimene akufuna. Lachiwiri linali amisiri odziwa kupanga chitsulo chosowacho ndi manja. Ziphakasa zinatha, ndipo amisiriwo atsala owerengeka.

Kuti timvetse kumene zonsezi zinachokera tiyambire pa njanji. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa pa Zambezi ku Sena utatsegulidwa mu 1935, katundu wochokera ku doko la Beira ankafika ku Limbe osawolotsedwanso pa bwato. Magalimoto ambiri analowa m'dziko muno kudzera njira imeneyi. Kampani ya Mandala, mwana wa African Lakes, inkagulitsa Ford. M'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, magalimoto a ku Britain anayandikira: kampani ya BMC inatsegula fakitale yolumikiza magalimoto ku Umtali, kumene lero ndi Mutare, mu 1960, ndipo Ford inatsegula yake ku Willowvale mu Salisbury mu 1961. Misewu ya Blantyre, Limbe ndi Zomba inadzaza Austin, Morris, Anglia ndi Zephyr, pamodzi ndi malole a Bedford ndi Land Rover za boma. Pambuyo pake panabwera Volkswagen Beetle ndi Kombi, Datsun, Toyota, komanso Peugeot 404, imene inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, n'kutchuka kuti sigonja pa msewu wafumbi.

Kugula galimoto kunali nkhani ina, kuisamala kunali nkhani inanso. Misewu yambiri inali yadothi. Timizere timene timapangika pa msewu wafumbi m'chilimwe tinkagwedeza galimoto mpaka madigadi kung'ambika pamene pali mabawuti. M'dzinja matope ankakanirira kunsi kwa madigadi ndi m'ngodya za chesisi, n'kusunga chinyezi miyezi yathunthu. Mvula ya chiperoni, imene imakuta Thyolo, Mulanje ndi Blantyre m'miyezi yozizira, inkawonjezera. Chitsulo chatsopano chikafunika, wogulitsa magalimoto ankalemba kalata kapena kutumiza telegalamu kunja, ndipo mwini galimoto ankadikira sitima yapamadzi kwa miyezi. Boma, maesiteti ndi makampani akuluakulu ankatha kudikira ndi kulipira. Mphunzitsi wamkulu, kalaliki kapena wamatola amene anagula galimoto yatheratu pa okushoni sakanatha. Iyeyo ndiye ankatsetsereka kupita ku Ndirande.

Akuluakulu a ntchitoyi sagwirizana pa za amene anayamba kuwongola magalimoto m'dera limeneli. Ena amati anali anthu ophunzira m'magalaja a azungu ndi amwenye m'tauni, ena amati anali a ku malo okonzerako sitima ku Limbe, enanso amaloza matchona obwerera kuchokera ku Salisbury, Bulawayo, Joni ndi ku migodi ya kopa ku Zambia, amene ankatsika basi atanyamula bokosi lachitsulo lodzaza nyundo ndi masipanala. Zikuoneka kuti mitsinje yonseyi inakumana. Pambuyo pake panawonjezeka anthu ochokera ku PVHO, kumene ankakonza magalimoto a boma, ku kampani ya mabasi ya UTM, ku PEW kumene ankamanga mabodi a mabasi ndi malole, komanso anyamata a satifiketi ya trade test ochokera ku Soche Technical. Chimene onse amavomereza n'chakuti Ndirande inali pamalo abwino. Ili pafupi ndi mafakitale a ku Makata ndi Ginnery Corner, moti munthu ankapita ku ntchito wapansi, ndipo nyumba zake zinali zotsika mtengo. Akaweruka madzulo, komanso Loweruka masana, mmisiri ankagwira ganyu yake pansi pa mtengo wa mango pakhomo. Ganyu ikakula ankasiya ntchito n'kukhoma chikwangwani.

Zida zogula m'sitolo zinali za anthu ochepa. Nyundo zowongolera za Sykes-Pickavant ndi masipanala a Britool kapena King Dick ochokera ku England ankasungidwa mokulungidwa m'nsanza ya mafuta, ndipo wophunzira sankaloledwa kuwakhudza. Zina zonse mmisiri ankapanga yekha, ndipo apa m'pamene ntchito yatsopanoyi inakumana ndi luso lakale la osula a mivukuto. Chitsulo chogwirizira kuseri kwa lata pomenya, chimene amisiri amati dole, ankachidula ku chidutswa cha njanji yakutha n'kuchipala mpaka kusalala, mbali ina yafulati, mbali ina yozungulira. Sipulin'gi ya lole yothyoka ankaiwotcha n'kuipinda kuti ikhale chopanira cholowa m'kati mwa chitseko, mmene dzanja silingafike. Tupa wakutha ankamupinda pamoto kuti akhale chomenyera chafulati. Mano ake ankasiya timadontho pa lata, ndipo timadonthoto tinkasonyeza pamene pakwera ndi pamene patsika. Pakati pa bwalo pankakhala chitsa cha mtengo wolimba chogobedwa pamwamba ngati mtondo wosazama. Lata lafulati akaliika pamenepo n'kulimenya ndi chibonga chamtengo, linkayamba kufutukuka n'kutenga mimba ya madigadi. Ena ankagwiritsa ntchito thumba lachikopa lodzaza mchenga.

Ku Ulaya amisiri opanga mabodi anali ndi makina a magudumu awiri achitsulo otchedwa English wheel, opsinjira lata kuti likhote mosalala. Ku Ndirande ntchito ya makina amenewo inkagwiridwa ndi nyundo yaing'ono ndi kuleza mtima, kamenyedwe zikwizikwi kotsatizana, kalikonse kogwera theka pa kanzake.

Wolemba nkhaniyi, amene ankadutsa m'njira za kumeneko ali mwana m'zaka za m'ma 1980, amakumbukira kwambiri phokoso. Silinali phokoso losokonekera ayi. Nyundo ikagwera ndendende pamene dole ili kuseri inkalira mokweza, kuti ngwee, ndipo pamenepo lata linali kupsinjika ndi kutambasuka. Ikagwera pambali pang'ono pa dole inkalira mogonthera, kuti phu, ndipo pamenepo malo okwera anali kutsika pamene malo olowa anali kukwera. Mmisiri wamkulu ankatha kukhala pa mpando akumwa tiyi, atafulatira galimoto, n'kukalipira wophunzira kuti akuwononga chitsulo, pongomva kulira kwa nyundo. Lamulo loyamba limene ankaphunzitsa linali lakuti usathamangire pamene palowa kwambiri. Galimoto ikagundidwa, chitsulo chimapindika motsatana, kuyambira pamene chagundidwa kupita kunja, ndipo wowongola ayenera kubwerera m'mapazi a ngoziyo: kuyamba ndi mapindiko a m'mphepete amene anabwera pomaliza, kutsirizira pakati. Kuona kunali kwa chikhatho. Mmisiri ankayendetsa dzanja lonse pa lata, nthawi zina atayala kansalu kopyapyala, maso ali kumbali, n'kupeza kabampu kamene diso silikanakaona.

Chovuta kuposa zonse chinali kubweza chitsulo chimene chatambasuka. Lata lotere limachita phokoso la kuti pho, pho, ukalikankha ndi chala, kulowa ndi kutuluka. Mmisiri ankatenthetsa kamalo kofanana ndi ndalama yachitsulo mpaka kufiira, n'kumenya mofulumira mozungulira kulowera pakati, kenaka n'kupsinja ndi nsanza yonyowa. Nthunzi inkakwera, chitsulo n'kukokana. Wolakwitsa pamenepa ankaumitsa lata mpaka kuchita ming'alu, ndipo chitseko cha mwini wake chinkathera pompo.

Moto wake unali wa gasi. Okhala ndi ndalama ankagula masilinda a oxygen ndi acetylene. Ambiri ankagula oxygen yekha, ndipo acetylene ankapanga okha pothira madzi pa miyala ya kabaidi m'chitini chotseka chokhala ndi paipi. Fungo lake, lofanana ndi adyo wowola, linkamveka munthu asanafike pagalaja. Chitini chotere chinali choopsa zedi, chifukwa moto ukabwerera m'paipi chinkaphulika, ndipo akuluakulu amatchula anzawo amene anataya diso kapena zala. Waya wowotcherera ankamudula ku mpanda kapena ku mabelo a katundu. Poti lata lapyapyala kwambiri ndi dzimbiri ankalumikiza ndi mkuwa, umene umasungunuka msanga chitsulo chisanabooke.

Lero mmisiri akafuna kubisa zolakwika amapaka fila. Fila yapulasitikiyi inayamba kugulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1950, koma amisiri akale a kuno anaphunzira ntchito ndi mtovu, monga mafakitale a magalimoto ankachitira potseka mizere yolumikizira denga ndi mbali za galimoto. Mtovu wake unali wosakaniza ndi tin, pafupifupi magawo 70 pa 30. Ankatsuka chitsulo mpaka kuwala, n'kuchipaka mankhwala kuti mtovu ugwire, kenaka n'kuufewetsa ndi moto wofatsa osausungunula, n'kuusalaza ndi kathabwa koviika m'mafuta a ng'ombe. Ukazizira ankaupala ndi tupa wa mano akuluakulu. Ntchito yotere sinkasweka ngakhale galimoto igwedezeke chotani, ndipo sinkamwa madzi. Inalinso yowononga thanzi, popeza fumbi la mtovu ndi poizoni ndipo panalibe wovala chotchinga kukamwa. Kutha kwa mtovu m'magalaja si chinthu chodandaulitsa. Chodandaulitsa n'chakuti mtovu unkakakamiza mmisiri kuwongola chitsulo mpaka kutsala pang'ono kwenikweni, pomwe fila imalola munthu kusiya chigwa chakuya chala chonse n'kuchikwirira.

Land Rover inali ndi khalidwe lakelake. Kuyambira pa yoyamba ya mu 1948, bodi yake inkapangidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi magnesium, wotchedwa Birmabright, chifukwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha chitsulo chinali chosowa ku Britain. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, n'chifukwa chake Land Rover zakale zimaoneka zamoyo kunja pamene m'kati zatha. Chesisi, mafelemu a zitseko ndi chipupa cha pakati pa injini ndi woyendetsa n'zachitsulo, ndipo zimadyeka kuchokera m'kati. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pamatuluka ufa woyera, lata n'kubooka. Kuwongola Birmabright kunkafuna nzeru ina, chifukwa amauma akamamenyedwa ndipo safiira akatenthedwa. Amangosungunuka mwadzidzidzi n'kugwa. Amisiri ankapaka sopo wochapira pa lata n'kutenthetsa kuseri. Sopoyo akada, ankadziwa kuti lafewa mokwanira, n'kuchotsa moto. Ku Ndirande kunali anthu odziwika ndi Land Rover zokhazokha, ndipo madalaivala a mishoni ndi a m'maesiteti ankawadziwa ndi mayina.

Ngakhale sipanala inali nkhani. Magalimoto akale a ku Britain anali ndi mabawuti a muyeso wa Whitworth ndi BSF, ena a mainchesi a AF, pamene Peugeot, Volkswagen ndi Datsun anali a mamilimita. Pa Land Rover imodzi munthu ankatha kukumana ndi miyeso iwiri. Mmisiri wopanda sipanala yoyenera ankapala ina ndi tupa mpaka igwire, ndipo mabokosi a akuluakulu adakali ndi masipanala otere, opalidwa kukamwa.

Wophunzira ankabwera ndi kholo lake kapena malume ake, nthawi zambiri atalephera kupeza malo ku sekondale. Miyezi yoyamba sankagwira nyundo. Ankatunga madzi ku mtsinje wa Nasolo, kusesa, kumasula mabawuti adzimbiri ndi kupala penti ndi sandipepala yonyowa mpaka zala kutuluka magazi. Malipiro ake anali nsima yamasana ndi kandalama ka sopo. Kenaka ankapatsidwa madigadi otayidwa kuti awaphwanye yekha ndi kuwawongola, kuwaphwanyanso ndi kuwawongolanso. Penti ankapopera m'mawa kwambiri kusanayambe mphepo, atathira madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Inali penti ya cellulose, youma msanga, yopoperedwa kangapo n'kupukutidwa mpaka munthu kudziona nkhope.

Amisiri ambiri amati ntchito yawo inafika pachimake m'zaka za m'ma 1980, ndipo chifukwa chake chinali mavuto. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala cha m'ma 1983 ndi 1984. Katundu anayamba kuzungulira pa msewu kuchokera ku Durban, kudutsa ku Tete moperekezedwa ndi asilikali kapena kulambalala kudzera ku Zambia, ndipo mtengo wa chilichonse chochokera kunja unakwera. Ndalama zakunja zinali zopempha ku banki ndi chilolezo. Galimoto yatsopano inakhala loto, ndipo imene munthu anali nayo inkayenera kukhala ndi moyo zivute zitani.

Apa m'pamene mgolo unakhala chuma. Mgolo wa mafuta wa malita 200 uli ndi chitsulo chofewa, chokhuthala pafupifupi milimita imodzi, chofanana ndi cha mabodi a nthawi imeneyo. Ankaudula mitu yonse iwiri ndi tchizulo, kuung'amba m'litali, kuuwotcha kuti mafuta ndi penti zichoke, n'kuuwongola pansi. Mmisiri ankayeza malo odyekawo ndi katoni kapena pepala la thumba la simenti, n'kujambula pa lata, n'kudula. Pansi pa Datsun, m'munsi mwa zitseko za Kombi, mabokosi a pikapu za 404 zonyamula matola, zambiri zinayenda zaka ndi chitsulo cha mgolo popanda wokwera kudziwa. Amisiri ena ankafika popanga madigadi athunthu m'zidutswa zitatu kapena zinayi, n'kuzilumikiza ndi gasi, n'kumenya mzere wolumikizirawo mpaka kuzimiririka. Poyezera ankagwiritsa ntchito madigadi a mbali inayo, kupinda waya motsata mimba yake n'kuutembenuza.

Pambali pa luso limeneli panali ziphakasa. Galaja iliyonse inali ndi zake, zina zosiyidwa ndi eni ake olephera kulipira, zina zogulidwa pa okushoni ya boma. Zinkagona m'mizere, udzu ukumera m'kati, ana akusewera pa chiwongolero. Palibe chimene chinkatayidwa msanga. Wofuna chitseko ankabwera ndi sipanala. Wofuna ngodya ya denga ankabwera ndi sowo ndi tchizulo, ndipo wodziwa ntchito ankaboola timfundo ta spot weld kamodzikamodzi kuti chitsulo chichoke chathunthu. Zotsala zinkapita kwa amisiri ena a mumsika. Denga ndi boneti zinkasanduka mbaula, mapani okazingira tchipisi ndi mawilibala. Masipulin'gi ankasanduka nkhwangwa, zikwanje ndi matchizulo. Ekiselo ndi matayala zinkapita ku midzi ya m'chigawo chapakati kukakhala ngolo za ng'ombe. Chiphakasa chimodzi chinkadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka khumi kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo chinkapezeka kwa wochifuna.

Zinthu zinatembenuka kuyambira 1994. Kwacha inasiyidwa kuti ipeze mtengo wake pa msika, malamulo oitanitsa katundu anafewa, ndipo magalimoto ogwiritsidwapo ntchito a ku Japan, kumene amayendanso kumanzere ngati kuno, anayamba kulowa kudzera ku Durban, kenaka Dar es Salaam ndi Beira. Minibasi za Hiace zinalanda ntchito ya matola. Munthu amene akanawononga ndalama kudzutsa 404 anaona kuti n'kwanzeru kugula Corolla. Pamodzi ndi magalimotowo panabwera makontena a zitseko, maboneti ndi magalimoto odulidwa pakati, komanso madigadi atsopano otsika mtengo a ku Taiwan. Chitsulo cha magalimoto atsopano n'chopyapyala, cha pakati pa 0.6 ndi 0.8 ya milimita, ndipo n'cholimbitsidwa mwa njira yoti moto umachiwononga. Mabampala ndi apulasitiki. Kumasula chophwanyika n'kumanga china kunakhala kofulumira ndi kotchipa kuposa kuwongola. Mnyamata wophunzira ntchito lero amadziwa kumasula, kupaka fila ndi kupopera, ndipo sitingamunene, chifukwa ndi zimene makasitomala ake amalipira.

Ziphakasa zinatha m'zaka za m'ma 2000. China itayamba kumanga mizinda yake mwaliwiro, mtengo wa zitsulo zakutha unakwera padziko lonse mpaka 2008, ndipo ogula sikirapu anafika paliponse ndi sikelo zawo. Malole ankatuluka m'Ndirande atadzaza mabodi odulidwadulidwa ndi gasi. Zephyr, Anglia, Austin Cambridge, Bedford, zonse zinagulitsidwa pa kilogalamu, mtengo umodzi ndi mbaula yobooka. Aluminiyamu wa Land Rover ankagulidwa mokwera, ndipo wina anathera kwa oumba mapoto. Eni magalaja anali ndi zifukwa zomveka: malo anali atasowa, bwalo la ziphakasa likanatha kumangidwapo nyumba za lendi, ndipo panalibe amene anabwera kudzafunsa chitseko cha Anglia kwa zaka zambiri. Palibe amene ankaganiza kuti akugulitsa mbiri.

Ndiye wodzutsa galimoto yakale lero amayang'ana kunja, ndipo mwayi wake umadalira mtundu wa galimotoyo. Wa galimoto ya ku Britain ali pabwino. Mabodi ambiri a Morris ndi MG ankadindidwa ndi kampani ya Pressed Steel, imene inatsegulidwa ku Cowley mu Oxford mu 1926. Zikombole zina zachitsulo zodindira zinapulumuka, ndipo British Motor Heritage, imene lero ili ku Witney, inazisonkhanitsa n'kuyambanso kupanga bodi yathunthu ya MGB mu 1988. Imapanganso za Mini ndi MG Midget pa zikombole zoyambirirazo. Za Land Rover ya Series zimapangidwa ndi makampani ambiri a ku England, kuphatikizapo chesisi yathunthu yokutidwa ndi zinki. Chaka chilichonse mu September ku Beaulieu kumachitika msika waukulu wa zipangizo za magalimoto akale, umene unayamba mu 1967. Kufupi kuno, South Africa inapanga Beetle ku Uitenhage kuyambira 1951 mpaka 1979, ndi pikapu ya Nissan 1400, mdzukulu wa Datsun 1200, mpaka 2008, kotero zitsulo zake zimapezeka ku Johannesburg m'masitolo ndi m'misika ya magulu okonda magalimoto akale monga Piston Ring. Wa Peugeot amayang'ana ku Kenya, kumene 404 inapangidwa mpaka 1991 ndi 504 mpaka 2004, kapena ku France.

Koma chitsulo cha bodi n'chachikulu ndipo chimapindika msanga m'njira. Mtengo wotumizira nthawi zina umaposa wa chitsulocho, pamwamba pake pali msonkho, ndipo zonse zimalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene zikusowa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Chikafika, kawirikawiri sichikhala bwino pamalo pake. Madigadi opangidwa motengera amafuna kudula apa, kutambasula apo, kuti mpata wa pakati pa chitseko ndi boneti ukhale wofanana. Motero ngakhale wogula ku Witney amabwererabe kwa munthu wa nyundo ndi dole. Zida nazo n'chimodzimodzi. Nyundo zowongolera zotchipa zimapezeka m'masitolo a Limbe ndi Lilongwe, koma nkhope zake n'zofewa, zimachita mabala, ndipo bala lililonse limadindika pa lata. Makina owotcherera a MIG amene obwera kuchokera ku Joni amanyamula amathandiza pa lata lopyapyala, koma amafuna gasi wake ndi magetsi odalirika.

Pali chitsanzo chimodzi choyenera kuti anthu a kuno achiganizire. Morris Minor inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, yoposa 1.6 miliyoni. Charles Ware, amene anatsegula malo okonzera galimotoyi ku Bath mu 1976, ataona kuti zitsulo zake zikusowa, anagwirizana ndi mnzake wa ku Sri Lanka n'kutsegula Durable Car Company pafupi ndi Galle mu 1991. Kumeneko amisiri ankapanga zitsulo za Morris Minor ndi manja, pa zikombole zosavuta, n'kumazitumiza ku England. Luso limene anagulitsa kunjalo ndi lomwe lija la pa chitsa ndi chidutswa cha njanji. Amisiri a ku Ndirande anali nalo m'zaka zomwezo, koma panalibe amene anawalumikiza ndi msika, ndipo dziko linaliona ngati luso la umphawi, loyenera kutayidwa zinthu zikayamba kuyenda bwino.

Amene anaphunzira ntchitoyi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 tsopano ali ndi zaka 70 kapena 80. Ena anabwerera kumudzi ku Chiradzulu, Mulanje ndi Ntcheu. Ena akadali m'Ndirande momwemo, ku Chinseu, Goliyo ndi Makata, akuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, mabokosi awo a nyundo ali pansi pa bedi. Mwini bokosi akamwalira, ana ake amaona zidutswa za njanji ndi masipulin'gi opindika, ndipo wa sikelo akadutsa amamuitana.

Nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri ili ndi makina akale a nthunzi pabwalo pake, ndipo bokosi limodzi la mmisiri wa ku Ndirande, pamodzi ndi chitsa chake ndi chitini chake cha kabaidi, likuyenera malo pamenepo. TEVETA, imene yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ingathe kuitana akuluakuluwa ku sukulu za ntchito zamanja za Soche kapena Nasawa kuti aphunzitse kubweza chitsulo ndi moto ndi kuumba madigadi, n'kuwalipira monga aphunzitsi. Ndipo inu amene muli ndi galimoto ya bambo anu pa njerwa, musanaitanitse chilichonse kunja, kafunseni kaye m'magalaja a ku Ndirande kuti mdala amene ankapanga madigadi ndi mgolo akukhala kuti. Mukamupeza, mupite ndi mnyamata wofuna kuphunzira, ndipo mumulipire mdalayo mtengo wa mmisiri.